Bawuti la Kumanzere ndi Maliro a Binisoni

Kalekale, phula lisanafike ku Chigumukire, msewu wotsikira kumidzi ya kudambo udakali mabampu ndi maenje okhaokha, kunali makaniko wina dzina lake Yotamu. Galaja yake inali pansi pa mtengo wa mthethe kuseri kwa chigayo. Denga panalibe, dzenje lolowera kunsi kwa galimoto panalibe. Chuma chake chonse chinali jeke, zitsa zochirikizira galimoto, hamala, ndi thumba la feteleza lodzaza masipanala. Sukulu anailekera panjira, koma ntchito ya kunsi kwa galimoto ankaidziwa bwino. Ichi muchisunge, chifukwa zimene mumve pano sizinachitike chifukwa cha umbuli ayi.

Dera lonselo linkadalira galimoto imodzi, pikapu ya matola ya Jelasi, msuweni wake wa Yotamu. Odwala, matumba a chimanga, akwati, maliro, zonse zinkakwera yomweyo. Pokhala pachisuweni, awiriwa sankatha kupatsana moni osanyozana. Jelasi ankati Yotamu amakonza galimoto ngati akutchera mbewa. Yotamu ankati Jelasi amayendetsa ngati akuthawa apongozi.

Kutsogolo kwa galimoto, tayala lililonse limagwiridwa ndi mkono wachitsulo umene amakaniko amautcha kontrolo amu. Mbali ina ya mkonowo imagwira tayala, mbali ina imamangidwa ku thupi la galimoto ndi bawuti lalikulu lodutsa mu mphira yotchedwa bushi. Mphirayo ikatha, galimoto imagogoda pa bampu lililonse, tayala limadyeka mbali imodzi, ndipo chiwongolero chimayamba kuyendayenda chokha. Pikapu ya Jelasi inali itafika pamenepo kalekale. Itayamba kugogoda ngakhale pamchenga, Jelasi anapita m'tauni nakabwera ndi mikono iwiri yatsopano, naiponya pamapazi a msuweni wake.

Tsiku la ntchitoyo linali la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Yotamu anakweza galimoto, anaichirikiza pazitsa, anachotsa matayala onse akutsogolo. Mikono yakaleyo inatuluka movuta, ndi hamala ndi thukuta, ndipo mphira yake inangoyoyoka m'manja ngati makala onyowa. Analowetsa yatsopano, kumanja ndi kumanzere.

Tsono ntchito imeneyi ili ndi lamulo lake. Bawuti la bushi sulimanga kotheratu galimoto ili m'mwamba. Umangolilowetsa, n'kupota nati ndi zala. Kenako umabwezera matayala, umatsitsa galimoto kuti iime yokha ndi kulemera kwake, ndiye umalowa kunsi chagada n'kumanga ndi mphamvu zako zonse. Ukamanga matayala ali lendelende, mphira yatsopanoyo imapotoka galimoto ikatsika, ndipo siichedwa kung'ambika. Yotamu lamuloli ankalisunga. Sankamanga galimoto ili pazitsa ngakhale mwini wake atalira bwanji.

Koma tsiku limenelo panali maliro. Binisoni, mlimi wa kabichi wa kudambo, anamwalira dzulo lake pa chipatala chaching'ono cha pa Chigumukire atatupa mimba. Chipinda chozizira pa chipatalapo panalibe. Bokosi linali litakhomedwa kale, thupi lili momwemo, ndipo kumudzi adzukulu anali atayamba kukumba manda. Chotsala chinali galimoto basi. Mlongo wake wa malemuyo, Esinta, mayi wamkulu amene mbumba yonse inkamumvera, anabwerabwera pa galaja kuyambira m'mawa kudzafunsa ngati ntchito yatha.

Imfa ya Binisoni inalinso ndi manong'onong'o. Iye anali atakangana ndi mbale wawo wa kwa mayi aakulu, Malizani, chifukwa cha ngalande ya madzi pakati pa madimba awo. Pokanganapo Malizani, munthu wa mtima wapachala, ananena pamaso pa anthu kuti tiona ngati kabichi ameneyu udzamudye. Mawu otere amatuluka tsiku lililonse m'madimba, ndipo amaiwalika. Koma amene wauzidwayo akatupa mimba, mawuwo amakumbukiridwa.

Dzuwa litafika paliwombo, Yotamu anatsitsa galimoto. Analowa kunsi, anamanga bawuti la kumanja mpaka mitsempha ya m'khosi kuima. Atasuntha kuti amange la kumanzere, paipi imene ankatalikitsira sipanala inapindika. Anatuluka, anapita kuchigayo kukabwereka ina. Mwini chigayo anali kaye ndi anthu, ndipo paipiyo inasowa pang'ono. Pamene Yotamu ankabwerera, anamva nyimbo ya maliro pansi pa mthethe wake.

Esinta anali ataona matayala akhudza pansi, nakodola amuna. Bokosi linali litakwera kale. Amayi anali atakhala molizungulira, masamba atamangidwa kutsogolo kwa galimoto, Jelasi ali pa chiwongolero.

Yotamu anaima ndi paipi m'manja. Anthu a kumeneko ankakhulupirira kuti wamoyo sagona pansi pa maliro, makamaka mwamuna amene mkazi wake ali ndi pakati, chifukwa mwanayo amabadwa wozizira. Mkazi wa Yotamu anali wotopa kale, masiku ake ali pafupi, ndipo anali atapitapo padera m'mbuyomo. Kunena kuti bokosi litsike kaye kunalinso kosatheka, pakuti kumeneko bokosi likakwera silitsika mpaka pakhomo pa siwa.

Anayandikira pa zenera nauza Jelasi motsitsa mawu kuti pali kanthu kakang'ono kotsala. Esinta, amene anakhala kutsogolo pambali pa dalaivala, anamva.

"Bambo Yotamu, mlongo wanga wayamba kumveka fungo. Mukufuna aphulikire pa galaja yanu pano?"

Amayi a kumbuyo analeka kuimba, onse maso pa iye. Jelasi anamuyang'ana nati, "Msuweni, usatichedwetse ndi mwano wako wa masiku onse. Yatha kapena siinathe?"

"Yatha," anatero Yotamu. "Koma uziyenda pang'onopang'ono."

Limeneli ndilo linali bodza lake. Mumtima anadzilimbitsa kuti nati yopota ndi zala ikhoza kupirira ulendo umodzi wotsika phiri, ndipo bokosi likakatsika kumudzi akamanga popanda wina kudziwa. Anaika sipanala m'thumba la ovolosi, natenga paipi ija, nakwera kumbuyo, naima kumanzere, khutu lili kunsi.

Jelasi sanayende pang'onopang'ono. Esinta ankamuuza kuti adzukulu akudikira ndipo dzuwa silidikira, naye ankaponda moto. Mabampu anayamba kugwedeza galimoto ngati lichero. Posakhalitsa Yotamu anamva kugogoda kumene ankakuopa, kochepa poyamba, kenako kwamphamvu. Atadutsa pa kamlatho ka mitengo, anaona ndi maso ake nati ikudumpha m'fumbi kumbuyo kwa galimoto, n'kugwera m'udzu. Anakweza dzanja kuti amenye denga Jelasi aime. Anayang'ana amayi akulira, anayang'ana bokosi, anaganiza zoti akaimitsa ndiye kuti aulule, kapena alowe kunsi. Dzanja lija analibweza.

Galimoto inayamba kukokera kumanzere. Jelasi ankaibweza, iyo n'kubwereranso. Analankhula mokweza, mawu ake n'kumveka mpaka kumbuyo, kuti galimotoyi ikukokedwa, si iye akukhota. Amayi anayang'anana. Kumeneko mwana aliyense ankadziwa nkhani yoti munthu amene sanafe imfa ya Mulungu amakoka omunyamula kupita nawo kwa amene anamudya. Nyimbo inasintha, inasanduka kulira kwa mkwiyo.

Polowa m'mudzi msewu umakhotera kumanja, ndipo kumunsi kwake, kumanzere, kunali nyumba ya Malizani. Pa bampu la pokhotapo bawuti linasololoka. Mkono unagwa, tayala linapindikira kunja, galimoto inasiya msewu, inathyola mpanda wa udzu, n'kukaima pa chulu cha pabwalo. Amayi anagwerana. Bokosi linatsetsereka, linadumpha m'mbali, linagwa pansi n'kukwawa pafumbi mpaka mutu wake unagunda chitseko cha Malizani. Chivundikiro chinang'aluka.

Malizani anali pambali pa nyumba, chingwe m'manja, akumanga mtolo wa nkhuni zopita nazo kumaliro.

Jelasi anatuluka m'galimoto. Anthu a pa siwa, amene anali pafupi pomwepo, anali akuthamangira kale, ndipo adzukulu ankatsika kuchokera kumanda ndi makasu awo, ena atalawako kachasu. Pamaso pa onsewo Jelasi anakweza manja nati, "Ine ndakhotera kumanja, anthu inu. Chiwongolero chalandidwa m'manja mwanga."

Esinta anatsika, magazi akuchucha pachipumi pamene anagunda galasi. Anayang'ana bokosi pakhomo paja, kenako anayang'ana Malizani.

"Achimwene, mbale wanu wabwera yekha. Mulandireni. Si paja munati kabichi wake sadzamudya?"

Chikuni choyamba chinachokera pa mtolo wa Malizani womwe uja. Chinamupeza pakamwa, mano n'kugwera pansi ngati chimanga chotonola. Anayesa kuthawira kuseri kwa nkhokwe, koma wina anamutchera mwendo ndi mpini, ndipo atagwa anamuunjikira. Ankamuponda m'nthiti, ankamumenya ndi njerwa m'mawondo, amayi ena ankamuthira dothi m'maso akumufunsa kuti nyama ya Binisoni waibisa kuti. Anamumanga manja ndi chingwe chake cha nkhuni, namukokera pakati pa bwalo chogwira miyendo, mutu ukugunda pamiyala. Wina anasolola bokosi pakhomo paja, wina n'kuika moto padenga. Udzu wa Okutobala sufuna kupemphedwa. Malizani poyamba ankakuwa kuti sanaphe munthu, kenako ankangoitana amake amene anamwalira kalekale, kenako ankangobuula.

Nthawi yonseyi Yotamu anali chiimire pambali pa galimoto, sipanala ikumulemera m'thumba. Kuchokera pamene anaimapo ankatha kuona dzenje lopanda bawuti, ndi mkono watsopano uli lende pafumbi. Ankadziwa chimene chinakoka galimoto. Ankadziwanso kuti akatsegula pakamwa, njerwa zomwezo zitembenukira kwa iye. Anadziuza kuti angomumenya pang'ono n'kumusiya. Diso la Malizani litaphulika ndi nsonga ya chikuni, anadziuzanso kuti tsopano ndiye amusiya. Bodza la pa galaja lija linali laling'ono poyerekeza ndi kukhala chete kumeneku.

Ndiye mmodzi wa adzukulu, munthu wamtali wa mapewa ngati ng'ombe, anakankha anzake, anaimika khasu m'mwamba, mbali yakuthwa ili kumunsi, kuloza pamutu pa Malizani.

Woyamba kuchitapo kanthu anali Jelasi. Iye ankakhulupirira ndithu kuti maliro ndiwo anamulanda chiwongolero, koma Malizani anali munthu amene iye Jelasi anamunyamulira kabichi zaka zambiri, ndipo kuona mutu wa munthu ukuswedwa ngati dzungu sakanatha. Anadumpha n'kumugonera pamwamba, mkono wa kumanzere ataukweza. Khasu linatera pamkonopo. Fupa linathyoka momveka kwa aliyense, ndipo nsonga yake inatulukira pakhungu. Anamukoka miyendo, anamumenya mipini kumsana kuti achoke, koma iye anakola khosi la Malizani ndi mkono wotsalawo, nkhope yake ataibisa paphewa pake. Ankangonena kuti mutengereni ku polisi, mutengereni ku polisi. Atalephera kuwalekanitsa, wina anapopa petulo m'thanki ya pikapu ndi kapaipi, nawathira onse awiri, nati dalaivalayu ngati akufuna kuperekeza mfiti aiperekeze.

Wachiwiri anali Esinta. Anaona machesi akutuluka m'thumba la munthu, anaona Jelasi amene wamunyamulira mlongo wake akunyezimira ndi petulo, ndipo pansi pake anamva Malizani akumutchula dzina ndi pakamwa pophwanyika, akupempha madzi monga ankachitira ali ana pakhomo limodzi. Anapita pakati pa bwalo, anamasula chitenje, anavula bulauzi, anavula zonse, naima chomwecho pamwamba pa anthu awiriwo.

"Amene akufuna kuyatsa ayambe wandiyang'ana ine," anatero. "Iwe wa machesiwe, ndinakusambitsa uli khanda. Ndiyang'ane."

Kumeneko mwamuna woona umaliseche wa mayi wamkulu wa mbumba yake ankati wadziitanira tsoka la moyo wonse. Amuna anatembenuza nkhope, ena anaphimba maso ndi zipewa. Esinta analanda machesi aja, nawaponya mumtsuko wa madzi umene unali pakhonde. Koma musaganize kuti anasintha maganizo. Ananena poyera kuti mfiti kapena si mfiti, munthu sapsa pabwalo pamene mlongo wake wagona asanaikidwe. Amuna aja, nkhope zili kumbali, anayamba kung'ung'udza kuti chabwino, mayiwa avale, tikaike maliro, ameneyu tikathana naye kumanda komweko dzenje likadali lotsegula.

Wachitatu, komanso womaliza, anali Yotamu. Atamva za kumanda anadziwa kuti palibenso kumusiya kumene ankadikira kuja. Anakwera pa chulu, anatulutsa sipanala m'thumba, naikweza kuti onse aione. Kenako anafuula.

"Maliro sanaloze munthu. Bawuti la kumanzere sindinamange ndine. Ndinaopa kugona pansi pa bokosi chifukwa mkazi wanga ali ndi pakati, ndiye ndinanama kuti ntchito yatha. Nati yagwa pa kamlatho paja, ndaiona ndi maso angawa, ndipo sindinaimitse galimoto."

Moto unali ukuthethekabe padenga. Anthu aja anamutsitsa pa chulu paja ndi njerwa ya pachifuwa. Manja awo anali kale ndi magazi, ndipo panalibe amene ankafuna kumva kuti magaziwo ndi a munthu wosalakwa. Anamulanda sipanala n'kumumenya nayo kukhutu mpaka khutu linang'ambika. Anamuponda nthiti, ena akuti wanama kuti apulumutse mfiti, ena akuti wanena zoona ndipo afe chifukwa cha zoonazo. Iye sanadziteteze. Ankangokwawira ku galimoto, akuloza kunsi, akuti onani nokha.

Mkulu wa adzukulu, bambo wa imvi amene sanamenye nawo koma sanaletsenso, anagwada pambali pa tayala lopindikalo. Anapisa chala m'dzenje la bawuti. Anatola sipanala ija, anazungulira kumanja, anaikola pa nati ya uko, anakoka ndi mphamvu zake zonse, koma siinasunthe. Anadzuka, anapukuta chala pa buluku.

"Uku n'kolimba. Uko kulibe kanthu, ngakhale chizindikiro choti sipanala inadutsapo."

Wina kumbuyo ananena kuti mfiti imatha kumasula bawuti. Koma palibenso amene anatola chikuni. Amene anali kutsogolo pomenya anayamba kusowa mmodzimmodzi kuseri kwa nyumba za anthu.

Malizani anali atasiya kubuula. Chipatala chinali pamwamba pa phiri pamene anachokera paja, ndipo pa machira sakanafika wamoyo. Galimoto inali yomweyo, yogona pa tayala lopindika, jeke atatsala ku galaja. Yotamu anadzuka akulavula magazi, napempha bawuti lililonse lalikulu. Analipeza pa ngolo ya ng'ombe ya munthu wina, lalitali pang'ono koma lokwana m'dzenje. Chitsulo cholumikiza tayala ku chiwongolero chinali chitapindika, anachiwongola ndi kumbuyo kwa nkhwangwa. Amuna amene anatsala, ena mwa iwo omwe ankamuponda posachedwapa, anagwira kutsogolo kwa pikapu n'kuinyamula ndi manja, iye n'kukankha mkono uja ndi mpini mpaka maenje anayang'anana. Analowetsa bawuti, anapota nati ndi zala, nawauza atsitse.

Matayala atangokhudza pansi, Esinta, amene tsopano anali atafunda chitenje, analamula kuti Malizani akwezedwe, bokosi lipite kumanda pamapewa. Anamugoneka pamalo pomwe panali bokosi paja. Mayi wina anaika khutu pachifuwa pake, nati sakumva kanthu, ndipo anamuphimba nkhope ndi mpango. Anthu anayamba kufuula kuti galimoto inyamuke msanga.

"Siinathe," anatero Yotamu.

Mkulu wa adzukulu anamugwira paphewa namufunsa ngati akudziwa chimene chili pamwambapo, poti mwina munthuyo wapita kale. Yotamu anaganiza za mkazi wake. Anatenga sipanala ndi paipi ya kuchigayo ija, nagona chagada pafumbi, nalowa. Pansi pa pikapu panali pobooka ndi dzimbiri, ndipo magazi osakanikirana ndi petulo ankadontha kuchokera pamwamba, n'kuyenderera m'chitsulo mpaka kumugwera pakhosi. Nthiti zothyokazo zinkamubaya akakoka. Anamanga mpaka paipi inalira, natuluka.

Woyendetsa wina panalibe. Jelasi anamangidwa mkono ndi timitengo ndi nsanza, nakhala pa chiwongolero ndi dzanja lamanja lokha, nkhope itachita phulusa. Yotamu anakhala pambali pake kuti azimusinthira magiya. Esinta anasiya maliro a mlongo wake m'manja mwa ena, nakwera kumbuyo, mutu wa Malizani uli pamiyendo pake.

"Msuweni," anatero Jelasi asanalize injini, "ulendo uno yatha kapena siinathe?"

"Yatha."

"Ukanamanso ndikupha ndi mkono watsalawu. Ika giya."

Anakwera phiri lija pang'onopang'ono, tayala la kumanzere likulira, chiwongolero chili chokhota. Panjira mpango uja unayamba kukwera ndi kutsika pamphuno pa Malizani. Anafika naye akupuma.

Binisoni anaikidwa madzulo omwewo, pamaliro pake pali anthu ochepa kuposa amene anabwera m'mawa. Malizani anatumizidwa ku chipatala chachikulu, ndipo anachira, ngati kumeneko n'kuchira. Diso limodzi linapita, mwendo unauma, mano akutsogolo analibe, nyumba ndi nkhokwe zinali phulusa. Mkono wa Jelasi unalumikizana mokhota. Khutu la Yotamu silinamvenso. Amene anagwira khasu, wa petulo, ndi wa machesi anawoloka malire a dziko usiku usanagwe, ndipo sanaonekenso.

Wapolisi anabwera pa bedi la Malizani. Anati omenyawo athawa, koma mlandu wotere sungatsekedwe popanda munthu, choncho akufuna dzina limodzi la amene anayambitsa zonsezi. Anati wamva za makaniko, za dalaivala, ndi za mayi uja, ndipo Malizani akapanda kusankha mmodzi, iye atenga onse atatu. Malizani anapempha kuti aganize kaye.

Panalinso nkhani ina. Pa zonse zimene Malizani anali nazo, moto unasiya mbuzi imodzi yaikazi imene tsiku lija inali yomangirira kudambo. Iye ananena kuti mbuziyo ipite kwa amene anapulumutsa moyo wake. Achibale anati iphedwe, atatuwo agawane nyama. Anakana. Anati magazi amene anakhetsedwa pabwalo pake akwana, mbuziyo ipite yamoyo, kwa munthu mmodzi.

Pamenepo mudzi unagawikana, ndipo m'madimba, pachigayo, ngakhale potuluka m'tchalitchi, nkhani inali yomweyo.

Ena ankati mbuzi ndi ya Jelasi, chifukwa khasu lija likanatera pamutu, Esinta akanavulira mtembo ndipo Yotamu akanaulula kwa mtembo. Iye yekha ndiye anaika thupi lake pangozi asakudziwa n'komwe kuti munthuyo ndi wosalakwa, nayendetsanso galimoto fupa lili panja. Koma anzawo ankayankha kuti pakamwa pa Jelasi ndi pamene panayatsa moto. Anauzidwa kuti aziyenda pang'onopang'ono, sanamvere. Munthu wokalambira pa chiwongolero anamva kugogoda kunsi, m'malo moima kuti aone, analengeza kawiri konse kuti maliro akukoka.

Ena ankati mbuzi ndi ya Esinta, chifukwa mkono wa Jelasi unatchinga khasu koma sukanatchinga moto, ndipo mayi wa msinkhu wake anataya ulemu umene sadzaupezanso, nasiya mlongo wake kuikidwa iye palibe. Koma anzawo ankati iyeyo ndiye anakweza bokosi osafunsa mwini ntchito, iyeyo ndiye anatseka pakamwa Yotamu pa galaja, iyeyo ndiye ankakankha dalaivala, ndipo galimoto itagwa, anthu anali asanadziwe chochita mpaka iye atatchula za kabichi. Dzina la Malizani linatuluka m'kamwa mwake.

Ena ankati mbuzi ndi ya Yotamu, chifukwa awiri enawo anangochedwetsa imfa, koma iye ndiye anaichotsa. Popanda mawu ake Malizani akanathera m'dzenje la kumanda, ndipo popanda manja ake akanafera pabwalo. Analankhula akudziwa kuti aphedwa, nalowa pansi pa munthu amene onse ankati wafa. Koma anzawo ankaseka mowawa, n'kufunsa kuti kodi wobaya munthu n'kumusoka yekha amapatsidwa mbuzi? Pa anthu onse a pabwalo paja, mmodzi yekha ndiye ankadziwa zoona kuyambira pachiyambi, ndipo anaima manja m'thumba mpaka diso la mnzake linatuluka.

Atatuwo anapita kukamuona Malizani tsiku limodzi, atakwera pikapu yomweyo. Jelasi anati iye ananena zimene manja ake anamva, ndipo atati abwerere tsiku lija akanazipewa bwanji poti anauzidwa kuti yatha. Esinta anangoti chisoni chinamuchititsa khungu, koma mawu a kabichi aja sanawapeke ndi iye. Yotamu anagwada pansi pa bedi nati dzina lopita ku polisi likhale lake, mbuzi asaiganizire n'komwe. Malizani anamuyang'ana ndi diso lotsalalo.

"Dzuka," anatero. "Unandisankhira kale zambiri tsiku lija. Izi ndisankha ndekha."

Wapolisi anali atakhala pa benchi panja, chipewa chili pabondo, akudikira. Mbuzi inali kumudzi, ikudya msipu pa chingwe chake.

Tsono inu amene mwaimva nkhaniyi, khalani pa bedi limenelo, diso limodzi, mwendo wouma, anthu atatuwa ali patsogolo panu. Mbuzi muipereka kwa yani, ndipo wapolisi akalowa mumupatsa dzina la yani?